Foni Ikakana Kulipira, Musathamangire Kulipiranso

Kuyambira m'caka ca 1968, pamene dziko lathu linasiya mapaundi ndi masheleni ndi kuyamba kuwerenga Kwacha ndi ngwee, munthu wa kumudzi wakhala akudziwa cinthu cimodzi cosakayikitsa pa nkhani ya malonda: kuti malonda atha pamene ndalama yacoka m'dzanja la wogula ndi kulowa m'dzanja la wogulitsa, onse awiri ali kupenya. Ndalama ikagwa pansi imamveka kulira, ndipo ikasowa mwini wake amadziwa thumba limene linabooka. Koma masiku ano kwafika kalipiridwe kena kamene maso saona, ndipo mlimi amene apita ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke kukagula mbeu, malata kapena mankhwala a ziweto akukumana nako m'masitolo akulu ndi m'malo othira mafuta a galimoto. Wogula angosendeza khadi lake la ku banki, kapena foni yake ngati banki yake ivomereza zotere, pafupi ndi kamakina ka pa sitolo. Kamakinako kalira kamodzi, basi malonda atha. Kumeneku ndiko kulipira mogunditsa.

Zikayenda bwino palibe wodandaula. Nkhani yathu sabata ino iri pa tsiku limene sizinayende: foni yagunditsidwa koma makina ali duu, kapena alira mau acilendo, kapena alemba kuti akana. Kumbuyo kuli mzera wa anthu, ena ayamba kale kutsonya, ndipo wogulitsa akuyang'ana wogula ngati munthu wabwera kudzataitsa anzake nthawi. Ine ndikuona kuti cimene cimaluzitsa anthu ndalama pa nthawi yotere si makina ai, koma manyazi ndi phuma. Munthu wocita manyazi amagunditsa kaciwiri ndi kacitatu osafunsa, amatulutsa ndalama za m'thumba kulipira cinthu cimene mwina walipira kale, kapena amapereka foni yake ndi nambala yake ya cinsinsi kwa mlendo amene wadzipereka kuti amuthandize. Zonsezi zingapewedwe ngati munthu adziwa pang'ono cabe mmene cinthuci cigwirira nchito, ndi kuti kulephera kwake kawiri-kawiri si mlandu wa iye wogula.

Kaciwiya kamene kamacita zimenezi kamachedwa NFC. Ndi kawaya kopyapyala kopindidwa mozungulira, kobisika kumsana kwa foni kapena m'kati mwa khadi. Makampani a Nokia, Philips ndi Sony ndiwo anayambitsa bungwe loyang'anira luso limeneli m'caka ca 2004, cotero si cinthu ca dzulo, kungoti kwathu kuno cacedwa kufika. Makina a pa sitolo amatulutsa mphamvu yonga ya wailesi, koma yofooka kwambiri, yosapitirira masentimita 4, ndiko kunena m'lifupi mwa zala ziwiri kapena zitatu. Anaifooketsa dala kuti munthu wodutsa capatali asakutengereni ndalama. Koma kufooka komweko ndiko kumacititsa kuti kanthu kakang'ono katsekereze zonse. Khadi lilibe batire, limamwa mphamvu kucokera ku makinawo, ndipo foni nayo ifunika kamphindi kuti imvane nawo. Amene amenya foni pa makina ndi kuicotsa msanga ngati wakhudza mbaula ali ngati munthu wopereka moni ali kuthamanga: mnzake wamva phokoso, koma mau sanawamve.

Cotero coyamba ndi kudekha kwa dzanja. Funani pa makina cizindikiro ca timizera tinai topindika, tonga mafunde a pa dziwe mukaponyapo mwala, ndipo pamenepo ndipo muike msana wa foni, muigwire osagwedeza kufikira makina alire. Dziwaninso kuti kawaya kaja sikakhala pa malo amodzi m'mafoni onse. Pa mafoni a iPhone kali kumtunda, pafupi ndi diso lojambulira zithunzi, pamene pa mafoni ambiri a Android kali pakati pa msana kapena kumtunda pang'ono. Munthu angathe kugunditsa tako la foni kasanu, nkumatukwana banki, pamene akanangoisendeza pang'ono zikanatheka.

Cina cimene cisokoneza kwambiri, ndipo ici ndi cathu ndithu ife a kumudzi, ndi cikwama ca foni. Timakonda zikwama zocindikala cifukwa foni imagwa m'munda ndi pa njinga, ndipo ndi nzeru kutero. Koma cikwamaco tinacisandutsa nkhokwe. M'menemo muli citupa ca NRC, khadi la ku banki, kapepala ka ku cipatala, makobiri a cenje, ndipo ena anamatapo kacitsulo kogwirira foni pa mwendo wa njinga yamoto. Citsulo ciri conse cimatsekereza mphamvu yofooka ija. Ndipo ngati kumsana kwa foni kuli khadi lina logunditsa, makina amamva mau awiri pa nthawi imodzi: amakana onse, kapena amatenga ndalama ku khadi limene simunafune. Vuto limeneli si la anthu osaphunzira ai. Ku London, kumene anayamba kulandira makhadi a ku banki ogunditsa pa sitima za pansi pa nthaka m'caka ca 2014, akulu a za maulendo amacenjeza anthu ao kuti asagunditse cikwama conse cokhala ndi makhadi ambiri. Vulani foni cikwama cake, muyesenso iri yokha.

Ngati zikanikabe, vuto lingakhale m'kati mwa foni. Apa pali coonadi cimene ogulitsa mafoni sakonda kunena: mafoni ambiri otsika mtengo alibe konse NFC. Foni ingakhale ya galasi lalikulu, yojambula bwino, yokhala ndi WhatsApp ndi Facebook, koma yopanda kawaya kaja, ndipo palibe katswiri wa pa msika amene angakaikemo mwa kungotokosa mabatani. Lowani pamene palembedwa Settings, mufune zilembo zitatuzo. Mukazisowa, nkhani yatha, gwirani khadi. Mukazipeza, onani ngati NFC yayatsidwa, pakuti pa mafoni a Android imatha kuzimidwa, ndipo ana amene amasewera ndi foni madzulo sauza munthu zimene agwira. Njira yapafupi yoyesera muli kunyumba ndi iyi: tsegulani foni, muike khadi logunditsa kumsana kwake ndi kuliyendetsa pang'ono-pang'ono. Mafoni ambiri amanjenjemera kapena kulira akafika pamene pali kawaya. Mukatero mwadziwa zinthu ziwiri, kuti kali moyo, ndi malo amene kali.

Pali zinanso zing'ono-zing'ono. Mafoni ambiri salipira ngati galasi lao liri lokhoma, afuna mwini atsegule coyamba ndi cala, nkhope kapena nambala. Ngati m'foni muli mapulogalamu awiri olipirira, foni ifuna kuuzidwa kuti yoyamba ndi iti. Khadi likatha masiku ake, kapena banki ikakupatsani lina, liyenera kulembetsedwanso m'foni. Batire likatsala pang'ono, mafoni ena amayamba kuzima zinthu zina kuti asunge moto. Ndipo kuzima foni ndi kuiyatsanso, ngakhale kumaoneka ngati mankhwala a ana, kumaciritsa matenda ambiri.

Koma za mafoni okonzedwa ndi ogulidwa kwa munthu tiyenera kukhalitsapo, cifukwa ndiwo ambiri m'midzi yathu. Pa mafoni ena kawaya kaja kanamatidwa ku citseko ca kumsana, ndipo pa ena akale a Samsung kanali m'kati mwa batire. Wokonza mafoni akasintha citseko kapena batire ndi kuikapo cotsika mtengo, foni imayaka bwino, imalira bwino, koma kugunditsa kwafa, ndipo mwini sadziwa kufikira tsiku limene waima polipirira. Enanso amapereka foni kwa anyamata kuti aithyole maloko ake a m'kati. Mapulogalamu a mabanki amazindikira foni yotere ndipo amakana kugwiramo nchito, ndipo pamenepa ine ndiri kumbali ya banki, pakuti nyumba yothyoledwa citseko si yosungamo ndalama. Tisaiwalenso ana athu amene agwira nchito ku Johannesburg, kumene njira ya Apple Pay inayamba m'caka ca 2021. Akabwera ku chuthi amasiyira makolo foni ndi kuwauza kuti imalipira yokha. Inali kulipira cifukwa banki ya kumeneko inavomereza khadi la mwanayo. Kuno funsani banki yanu coyamba ngati khadi lanu lingalowe m'foni, musanapite kukadzicititsa manyazi pa sitolo.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani. Tinene kuti foni iri bwino, makina alira, koma pakupita kamphindi alemba kuti zalephera. Kodi ndalama yapita kapena sinapite? Kuti timvetse, tiganizire za kapaso wa mfumu. Makina a pa sitolo sasunga ndalama zanu ndipo sadziwa kuti muli ndi zingati. Amatuma kapaso kudzera pa netiweki kupita ku banki yanu kukafunsa kuti, kodi munthu uyu ali nazo, ndipo muvomera kuti alipire? Ngati banki ya sitolo ndi yosiyana ndi yanu, kapasoyo amadzera pa bwalo lina la pakati, monga la Visa, la Mastercard kapena la kwathu kuno la National Financial Switch. Banki yanu ikavomera imapatula ndalamayo pomwepo ndi kubweza kapaso ndi yankho. Ulendo wonsewu umatha m'kuphethira kwa diso. Koma bwanji ngati mtsinje wadzaza kapaso ali pa ulendo wobwerera? Ku banki ndalama yapatulidwa kale, koma ku sitolo yankho silinafike, ndipo makina atatopa kudikira amalemba kuti zalephera. Wogulitsa sananame, pakuti iye sanalandire kanthu. Inunso simunaname, pakuti ndalama yacoka. Mukagunditsanso pamenepo, netiweki nkubwerako, mwalipira kawiri thumba limodzi la feteleza.

Ndalama yopatulidwa motere imayenera kubwerera, ndipo kawiri-kawiri imabwerera yokha, koma zingatenge masiku. Kwa munthu wa pa malipiro a pa mwezi amene akhala pafupi ndi banki, masikuwo ndi kudandaula cabe. Kwa mai wocokera ku Vubwi kapena kuseri kwa Lundazi, amene wabwera ndi ndalama yowerengeka ya mbeu ndi yokwerera galimoto pobwerera, masikuwo atanthauza kugona pa siteshoni, kapena kubwerera kumudzi cimanjamanja mvula itagwa kale. Ndico cifukwa ndikuti musathamangire kulipiranso. Imani. Pemphani kapepala kamene makina amatulutsa ngakhale pamene akana, pakuti pamakhala tsiku, nthawi ndi nambala ya malondawo. Dikirani uthenga wa ku banki pa foni, kapena onani ndalama zotsala. Pemphani wogulitsa ayang'ane m'makina ake malonda omaliza, pakuti angathe kutero. A pa mzera adzatsonya, atsonye. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mawa sadzakuthandizani kulondola ndalama yanu.

Mtsinje wodzaza uja kwathu kuno si fanizo cabe. Tonse tikukumbuka caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Milongoti ya netiweki imadalira magetsi omwewo, ndipo mabatire ndi majenereta ake akatopa, dera lonse limakhala zii. Makina a pa sitolo nawonso ali ndi batire ndi kakhadi ka netiweki ngati foni. Foni ya wogula ingathe kulipira kangapo yopanda intaneti, koma makina a wogulitsa kawiri-kawiri safika ku banki popanda netiweki. Cotero mukaona kuti amene ali patsogolo panu nayenso wakanidwa, lekani kuvutitsa foni yanu, matenda ali ku sitolo. Foni ikakana pa sitolo imodzi nkuvomera pa ina, yankho mwalipeza. Ikakana ponse pamene khadi livomera, vuto liri m'foni. Zikakana zonse ziwiri ponse-ponse, pitani ku banki, mwina khadi latsekedwa kapena mwapyola malire a ndalama za tsiku limodzi. Ndiponso malonda akakhala a ndalama zambiri, makina amafunsa nambala ya cinsinsi kapena kuti khadi lilowetsedwe. Kumeneko si kukana ai, ndi citetezo canu.

Nambala ya cinsinsiyo ndiyo ndifuna kuti makolo amvetsetse. Pa malo ali onse pamene anthu amavutika ndi makina, pamapezeka mnyamata waulemu, wovala bwino, wonena kuti, bweretsani kuno amai ndikuthandizeni. Ena ndi a mtima wabwino ndithu, koma nkhope siilemba. Wogulitsa, wa ku banki, wa kampani ya mafoni, ngakhale wapolisi, palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi cifukwa codziwira nambala yanu, kapena manambala amene banki imatumiza pa foni kuti mutsimikize kanthu. Wina akaimba foni madzulo a tsiku lomwelo nkunena kuti ndi wa ku banki, waona kuti malipiro anu anakanika, ndipo afuna nambala kuti akubwezereni ndalama, dulani. Kubweza ndalama sikufuna nambala ya cinsinsi. Ndipo foni isacoke m'dzanja lanu. Ubwino weni-weni wa kugunditsa ndi womwewo, kuti khadi kapena foni siipita kuseri kwa thebulo, ndipo foni siipereka kwa makina nambala yeni-yeni ya khadi lanu koma ina yoimirira. Amene apereka foni yotsegula kwa mlendo wataya yekha citetezo conseco.

Ena adzati, nanga tivutikiranji, bwanji osangokhala ndi ndalama za m'manja monga kale? Funso limeneli si lopusa. Koma amene anagulitsapo thonje kapena nshawa nkuyenda ndi ndalama zonse m'sokosi pa basi ya usiku adziwa kuti ndalama ya m'manja nayonso iri ndi afisi ake. Ndalama za pa foni, zimene poyamba tinali kuziopa, lero ziri m'tuntemba pa msika uli wonse, ndipo agogo akulandira thandizo la adzukulu osakwera basi. Kugunditsa nako kudzazolowereka. Cimene ndikana ine ndi kuti mtolo wonse wa kuphunzira ndi wa kulephera usenzedwe ndi wogula yekha.

Tinaphunzirapo kale pa makhadi a feteleza. Boma linayamba kupereka thandizo la FISP kudzera pa makhadi m'nyengo ya 2015/2016 m'maboma 13, ndipo m'nyengo ya 2017/2018 linafalitsa njirayo m'dziko lonse. Colinga cinali cabwino, cakuti mlimi adzisankhire yekha zimene afuna kwa wogulitsa wa pafupi. Koma alimi ambiri, atapereka K400 yao, anadikira nthawi yaitali makhadi asanatsegulidwe, ndipo m'madera ena makina a ogulitsa analibe netiweki, kotero kuti m'nyengo yotsatira maboma ambiri anabwezeredwa ku njira yakale. Mlimi sanalakwe kanthu pamenepo. Luso linathamanga kusiya mseu umene liyenera kuyendamo. Amene akubweretsa makina ogunditsa m'matauni athu a kum'mawa ayenera kukumbukira zimenezi.

Kwa eni masitolo ndinena izi. Phunzitsani anyamata ndi atsikana anu kuti makina akakana, mau oyamba asakhale akuti mulibe ndalama. Mau amenewo, onenedwa mokweza pamaso pa anthu kwa munthu wamkulu, ndiwo amabala phuma lonse limene tafotokozali, ndipo nthawi zambiri sakhala oona. Apereke kapepala ka kukana popanda kuumirizidwa, adziwe kuyang'ana malonda omaliza, ndipo makina akhale ndi pepala ndi moto. Netiweki ikagwa, lembani cikwangwani pa khomo, munthu asadzaze dengu kwa ola lathunthu nkukamva za vutolo polipirira. Ndipo musakane ndalama za m'manja. Kwacha ya pepala ndi ya citsulo ikali ndalama ya dziko lino, ndipo Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano m'caka ca 2025, si kuti zikhale zokongoletsa m'cikwama.

Kwa mabanki pempho langa ndi la cilankhulo. Makina amalemba m'Cingerezi, uthenga wa pa foni umabwera m'Cingerezi, ndipo mau amodzi akuti zalephera amaphimba zifukwa khumi zosiyana. Kampani imene itha kulengeza ngongole zake m'Cinyanja pa wailesi ingathenso kufotokoza m'Cinyanja comweco kuti ndalama yopatulidwa ibwerera pa masiku angati, ndi kuti munthu akadandaule kwa yani. Wopereka khadi pa windo asangoti sainani apa. Aonetse mwini khadi cizindikiro ca mafunde cija, amuuze malire a ndalama, amulembere nambala ya foni ya banki imene angaimbe ali kumudzi. A zaulimi ndi a makopaletivu, amene amasonkhanitsa alimi nyengo iri yonse, angathe kupatula mphindi zocepa pa misonkhano yao kukambapo za zimenezi.

Ndalama ikapanda kubwerera, musangoti zagwa zatha. Sungani kapepala kaja ndi uthenga wa pa foni, ndipo cifukwa zilembo za pa timapepala timeneti zimafufutika msanga ndi dzuwa ndi thukuta, kajambuleni ndi foni kapena lembani nambala zake m'buku tsiku lomwelo. Dandaulo liyamba ku banki imene inakupatsani khadi, osati ku sitolo, pakuti ndiyo iri ndi mphamvu yolondola ndalamayo. Pemphani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la amene wakulandirani. Banki ikakuzungulitsani, nkhani ipite ku Bank of Zambia, imene iyang'anira mabanki ndi makampani a ndalama za pa foni, ndipo iri ndi maofesi ku Lusaka ndi ku Ndola. Ngati vuto ndi la netiweki imene isowa-sowa m'dera lanu, amenewo ndi a ZICTA, ndipo dandaulo lolembedwa ndi mudzi wonse kudzera kwa mfumu kapena kwa khansala limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi.